Mpando womwewo, mitengo iwiri

Pa Old Trafford, pa Anfield kapena pa Emirates, anthu awiri amatha kukhala mogundana mawondo, kuonera mpira womwewo, kukalipira refa yemweyo, koma wina atalipira mapaundi makumi angapo kuposa mnzake. Wolipira zochepayo ali ndi tikiti ya sizoni yonse. Winayo ndi membala wamba amene wagula tikiti ya tsiku limenelo lokha, atalimbirana ndi anthu masauzande pa intaneti. Mkangano woti kusiyana kumeneku n'kwachilungamo kapena ayi ndi wakale ku England, ndipo umayaka chaka ndi chaka cha m'ma March ndi April, makalabu akamalengeza mitengo ya sizoni yotsatira. A tikiti ya sizoni amati eni timu ndi iwo. Enawo amati akulipirira anzawo. Onse amalankhula ndi mtima, koma nkhaniyi imamveka bwino munthu akatenga cholembera n'kuwerengera.

Mu Premier League muli matimu 20. Timu iliyonse imasewera magemu 38, ndipo 19 mwa amenewa imasewera pakhomo. Tikiti ya sizoni ndi ya magemu 19 amenewa, pa mpando umodzi wa nambala yake. Tiyerekeze kuti tikitiyo ili pa £760. Manambalawa ndi ongoyerekeza kuti masamu ayende bwino. Ndiye kuti gemu iliyonse ikumudyera £40. Ogula tikiti imodziimodzi salipira mtengo umodzi, chifukwa makalabu ambiri amagawa magemu m'magulu. Gulu A ndi la matimu akuluakulu komanso timu yoyandikana nayo imene pali chidani chakale, gulu B ndi la apakatikati, gulu C kawirikawiri ndi la matimu ang'onoang'ono ndi amene angokwera kumene kuchokera ku Championship, ligi yachiwiri ya ku England. Tinene kuti mpando womwe uja umagulitsidwa £70 pa magemu 6 a gulu A, £52 pa magemu 8 a gulu B, ndi £38 pa magemu 5 a gulu C. Zonse pamodzi ndi £1,026. Mwini tikiti ya sizoni wapulumutsa £266, kupitirira pang'ono gawo limodzi mwa magawo anayi.

Koma onaninso bwino. £1,026 mukaigawa ndi 19 ikupereka £54 pa gemu. Munthu wathu uja akajomba magemu asanu okha osabwezeredwa kanthu, £760 yake yagula magemu 14, ndipo gemu iliyonse yamudyera £54 ndi timakobiri. Phindu lonse lija lasungunuka. Ndiponso pa magemu asanu a gulu C akulipira £40 pamene woyandikana naye walipira £38. Kutchipa kwa tikiti ya sizoni kumagwira ntchito kwa munthu amene amabweradi, mvula igwe isagwe, timu ichite bwino isachite bwino.

Pali zimene mwini tikitiyo amapereka zimene sizioneka pa risiti. Amalipira pakati pa April ndi June, pamene mndandanda wa magemu a ligi umatuluka cha pakati pa June. N'chimodzimodzi kugula chimanga chikadali m'munda, ngaiyaye zisanatuluke. Sadziwa ngati katswiri amene amamukonda agulitsidwe mu August, ngati mphunzitsi achotsedwe mu October, kapena ngati pofika February timu idzakhale ikupalasa kumunsi kwa ligi. Kalabu imalandira ndalama zambiri nthawi imene kulibe mpira, popanda kulipira chiwongoladzanja kwa aliyense. Amene sangathe kulipira kamodzi amaloledwa kulipira pang'onopang'ono, ndipo kwina zimadzera ku kampani yobwereketsa ndalama imene imaonjezerapo kake.

Chowawa kwambiri ndi nkhani ya tsiku ndi nthawi. Ku Britain mpira suonetsedwa pa TV Loweruka kuyambira 2:45 mpaka 5:15 masana, ndiye gemu iliyonse imene Sky kapena TNT Sports yasankha imachotsedwa pa nthawi yachizolowezi ya 3 koloko. Imapita pa 12:30 masana, pa 5:30 madzulo, Lamlungu, Lachisanu usiku kapena Lolemba 8 koloko usiku. Kuyambira sizoni ya 2025/26, magemu osachepera 267 mwa 380 akuonetsedwa pa TV ku Britain. Ife a kuno timaonera ngakhale magemu a 3 koloko aja pa SuperSport, 4 kapena 5 koloko yathu, ndipo gemu ikasunthidwa timangosintha nthawi yopitira kovidiyo. Munthu wa tikiti ya sizoni amene amakhala mtunda wa maola atatu pa sitima, ali ndi ana a sukulu komanso amagwira ntchito ya mashifiti, gemu ya Lolemba usiku ndi gemu yotayika. Wogula tikiti imodziimodzi amagula atadziwa kale tsiku. Uyu anagula asanadziwe, ndipo magemu asanu aja amakwana mosavuta.

Pa zifukwa zimenezi, kuchotsera mtengo pakokha sikulakwa. Aliyense wogulitsa malonda amadziwa kuti wopikula, wolipiriratu, amene watenga zabwino ndi zoonongeka zomwe, salipira mtengo wa wogula kamodzi. Vuto lagona pena.

Lagona pa khomo lolowera. Pa msika, aliyense wokhala ndi ndalama akhoza kupikula. Ku makalabu akuluakulu a ku England si choncho. Bwalo la Liverpool, Anfield, limalowa anthu pafupifupi 61,000, koma matikiti a sizoni safika theka la chiwerengero chimenechi. Mndandanda wa odikira unatalika mpaka kalabu inasiya kulemba maina atsopano, ndipo alipo amene adikira zaka zoposa makumi awiri. Ku Arsenal nakonso mzere ndi wa zaka. Chimene chimatseka mzerewu ndi lamulo loti mwini tikiti ndiye woyamba kufunsidwa chaka chilichonse ngati akufuna kupitiriza. Palibe amene amasiya mwachisawawa, chifukwa ukasiya sudzaipezanso. Munthu amasamukira ku tauni ina, amakalamba, nthawi zina amamwalira kumene, koma tikiti imakhalabe m'dzina lake, abale ndi anzake akumalowera. Mnyamata wa zaka 19 wobadwira pafupi ndi bwalo, amene amaikonda timu kuposa nsima, alibe polowera. Alipire umembala wa chaka, achite nawo mayere a matikiti, akapambana alipire £54 yathu ija kapena £70. Choncho kutchipako sikupita kwa wosauka, sikupitanso kwa wokonda timu kwambiri. Kumapita kwa amene anafika kale, kapena amene bambo ake anafika kale.

Ndipo tikiti ya sizoni siibwera yokha, imakoka zina. Timu ikapita koyenda, malamulo a Premier League amati alendo apatsidwe mipando 3,000, kapena gawo limodzi mwa magawo khumi ngati bwalo ndi la anthu osafika 30,000. Mipando imeneyi ndi yotchipa, chifukwa kuyambira sizoni ya 2016/17 tikiti ya mlendo siipitirira £30. Izi zinabwera masapota atalimbikira kuyambira 2013 ndi kampeni ya Twenty's Plenty, yofuna kuti mtengo ukhale £20. Koma amene amagula matikiti a £30 ndi ndani? Makalabu ambiri amayamba ndi a tikiti ya sizoni okhala ndi mapointi ochuluka, ndipo mapointiwo amapezeka pogula matikiti a koyenda omwewo. Wopanda mapointi sapeza tikiti, wopanda tikiti sapeza mapointi. Zotsatira zake, ena amagula tikiti ya gemu imene sapitako n'kupatsa mnzawo, kuti mapointi alowe m'dzina lawo. N'chifukwa chake makalabu ena amasankha maina angapo mwachisawawa kuti akatengere tikiti pa bwalo ataonetsa chiphaso. Fainolo ikafika, mzere ndi womwewo. Wembley imalowa anthu 90,000, koma timu iliyonse yofika mu fainolo ya FA Cup imapatsidwa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Mwayi wotere ulibe mtengo wolembedwa, koma kwa sapota weniweni umaposa £266 ija kutalitali.

Ku zikho, zinthu zimatembenuka, ndipo wodandaula amakhala mwini tikiti. Anthu ambiri amadabwa kuti bwanji tikiti ya sizoni siilowetsa pa gemu ya FA Cup. Choyamba, mu May palibe amene amadziwa kuti timu idzasewera magemu angati a chikho pakhomo, chifukwa zimadalira mayere. Chachiwiri, ndalama za pageti za FA Cup si za eni bwalo okha. M'ndime zimene matimu akuluakulu amalowa, akachotsa zolipirira gemu, timu iliyonse imatenga 45 pa 100 iliyonse, ndipo 10 yotsala imapita ku thumba la FA, bungwe loyendetsa mpira ku England. Mpando uliwonse uyenera kuwerengeredwa mtengo kuti alendo alandire gawo lawo. Komanso alendo ali ndi ufulu wopatsidwa mipando yofika 15 pa 100 iliyonse, ndiye ena a tikiti ya sizoni amene mipando yawo ili pafupi ndi mbali ya alendo amasamutsidwa tsiku limenelo.

Makalabu athana ndi nkhaniyi mosiyanasiyana. Arsenal kwa zaka zambiri inkaphatikiza magemu 7 a zikho pa 19 aja, kukhala 26, ndipo tikiti yake inkaoneka yodula kuposa ya wina aliyense pamene ofananiza ena sankawerengera magemu owonjezerawo. Manchester United inatenga njira ina, yongodula ndalama pa khadi la kubanki la mwini tikiti gemu ya chikho ikapezeka. Mu February 2015, pa gemu yachibwereza ya FA Cup ndi Cambridge United, a tikiti ya sizoni anauzidwa kuti amene sagula tikiti ya gemu imeneyi sadzalowa pa gemu ya ligi ndi Sunderland, gemu imene anali atalipira kale. Apa kuchotsera kuja kwasanduka chingwe. Munthu anawerengera £760, koma pofika May wapezeka atalipira magemu ena anayi kapena asanu a pakati pa sabata amene sanawafune. Poyeza chilungamo cha mtengo, magemu okakamiza amenewa ayenera kulowa m'masamu.

Mwini tikiti akalephera kupita amatani? Kuigulitsa yekha pamsewu kapena pa Facebook ndi mlandu. Ku England ndi Wales, gawo 166 la lamulo la Criminal Justice and Public Order Act la 1994 limaletsa kugulitsa tikiti ya mpira popanda chilolezo cha eni gemu, ndipo kalabu ikagwira munthu imamulanda tikiti ya sizoni yomwe. Njira yololedwa ndi kutumiza tikiti kwa mnzake wolembetsedwa, kapena kuibweza ku kalabu kuti igulitsidwenso, kumene makalabu ambiri amakutcha Ticket Exchange. Apa m'pamene pali kachinyengo kosaoneka. Kwina kalabu imabweza gawo limodzi mwa 19 la mtengo wa tikiti, gemu ikhale ya gulu lililonse. M'chitsanzo chathu, munthu wabweza mpando wa gemu ya gulu A, walandira £40, kalabu yaugulitsa £70 n'kutsala ndi £30. Gemu ya gulu C, imene akanapindula nayo £2, nthawi zambiri msikawo sutsegulidwa mpaka matikiti a kalabu atatha, ndipo ndalama zimabwera pokhapokha mpando wagulidwadi. Gemu yokoma phindu ndi la kalabu, gemu yozizira luzi ndi ya sapota. Komabe kupatsa munthu £70 yonse nakonso kuli ndi vuto lake: wina akhoza kugulitsa magemu 6 a gulu A, kupeza £420, n'kuonera magemu 13 otsala pa £340 yokha. Ameneyo sakhalanso sapota koma wabizinesi wokhala pa mpando umene wina akuudikira zaka makumi awiri.

Pofuna kuthana ndi mipando yopanda anthu, makalabu anayamba kuika chiwerengero cha magemu amene tikiti iyenera kugwiritsidwa ntchito. Manchester United inaika 16 mwa 19 pa sizoni ya 2025/26. Kutumiza kwa mnzako kapena kubweza ku kalabu kumawerengedwa, chosaloledwa ndi kusiya mpando uli mbee. Ambiri a tikiti ya sizoni amadana nalo lamuloli, koma pa malamulo onse atsopano, ili ndi limene lili ndi mutu. Ngati wachotseredwa mtengo chifukwa choti umadzaza bwalo ndi kuimba nyimbo, mpando wako usakhale wopanda munthu pamene kunja kuli anthu akulira tikiti. Limalakwika pokhapokha ngati silimva za matenda, maliro kapena gemu imene TV yaisuntha kutatsala masabata ochepa, komanso ngati makina a pageti alephera kuwerenga tikiti ya pa foni n'kulemba kuti munthu sanabwere.

Tsono funso lakuti kusiyana kwa mitengoku kukukula chifukwa chiyani lili ndi yankho limene a mbali zonse ziwiri salikonda. Sikuti tikiti ya sizoni ikutsika. Tikiti ya tsiku ndi imene ikuthamanga. Mu November 2024 Manchester United inalengeza kuti matikiti otsala a mamembala akhala £66 aliyense, mwana kapena nkhalamba osachotseredwa kanthu, pamene kale ankayambira £40 akuluakulu ndi £25 ana. Chaka chomwecho Tottenham inalengeza zosiya kupereka matikiti atsopano a sizoni pa mtengo wa okalamba, West Ham nayo inachepetsa malo a mitengo ya ana ndi okalamba, ngakhale inadzabweza ganizolo masapota atakwiya. Mu 2025 United inatsitsa kuchotsera kwa okalamba amene ankalipira theka kufika pa gawo limodzi mwa anayi, n'kusamutsa anthu amene anakhala zaka zambiri kuseri kwa benchi ya aphunzitsi kuti malowo asanduke mipando ya mabwana yobwera ndi chakudya. Bungwe la masapota la Football Supporters' Association linayambitsa kampeni ya Stop Exploiting Loyalty mu 2024, yotsutsa kudyera masuku pamutu masapota okhulupirika.

Kwa woyang'anira chuma cha kalabu imene bwalo lake limadzaza sabata iliyonse, mwini tikiti ya sizoni ndi kasitomala wosasangalatsa. Amalipira £40, amafika mpira ukuyamba, anadyera kale kunyumba kapena ku bala yakunja, jezi yake ndi ya zaka zisanu zapitazo. Mlendo wochokera ku Oslo, Seoul kapena Johannesburg amalipira £70 mosanyinyirika, amafika maola awiri mpira usanayambe, amalowa m'shopu ya kalabu n'kutuluka ndi majumbo. Ndiye sapota wamba akamauzidwa kuti akulipira zambiri chifukwa cha a tikiti ya sizoni, adziwe kuti kuchotsera kwawo kutathetsedwa mawa, tikiti yake siitsika ndi khobiri limodzi. Idzangokhala kuti onse akulipira £70.

Masapota a Liverpool anaizindikira mfundo imeneyi pa 6 February 2016. Kalabu inali italengeza kuti tikiti yodula kwambiri ya tsiku ikwera kuchoka pa £59 kufika pa £77, komanso kuti tikiti ina ya sizoni idutsa £1,000 koyamba. Pa gemu ndi Sunderland, mphindi ya 77 itakwana, anthu pafupifupi 10,000 ananyamuka n'kutuluka, timu yawo ikutsogola 2-0. Ambiri mwa iwo mtengo wa £77 sunkawakhudza mwachindunji. Gemu inatha 2-2, ndipo pasanathe sabata eni kalabu, Fenway Sports Group, anapepesa n'kuchotsa mtengowo. Mwezi wotsatira Premier League inalengeza £30 ya alendo ija.

Ku Germany kuli njira ina yoyenera kuiona. Bwalo la Borussia Dortmund limalowa anthu 81,365 pa magemu a ligi, ndipo kalabu imaimitsa matikiti a sizoni pa 55,000 ngakhale ikanatha kugulitsa ambiri. Otsalawo, kupatula a alendo, amagulitsidwa gemu ndi gemu. Kumenekonso kuli malo oimirira otchipa, kuphatikizapo mbali yotchuka ija yolowa anthu pafupifupi 25,000, ndipo lamulo la 50+1 limapatsa mamembala mavoti ochuluka m'makalabu ambiri. Mzere wa odikira uliko ndithu, koma tikiti ya tsiku ikakhala yotheka kugula, kusowa ya sizoni sikupweteka kwambiri. Ku England, lamulo la Football Governance Act la 2025 linakhazikitsa woyang'anira mpira woima payekha ndipo limafuna kuti makalabu azikambirana ndi masapota pa nkhani ya mitengo, koma silinapatse aliyense mphamvu yoika mtengo.

Munthu akafuna kuyeza ngati kalabu ikuchita chilungamo, asayambire pa kukula kwa kuchotsera. Aone mpando womwewo, awerenge mtengo wake wa magemu onse 19, aonjezere umembala ku mbali ya wogula imodziimodzi ndi magemu a zikho okakamiza ku mbali ya wa sizoni. Kusiyana kwa gawo limodzi mwa asanu kapena mwa anayi kumagwirizana ndi chiopsezo chimene wolipiriratu amasenza. Kukafika theka, ndiye kuti tikiti ya tsiku yakwera mopenga. Kenako afunse ngati pali mipando yosungidwira achinyamata ndi anthu a m'dera, ngati ena mwa matikiti a koyenda amachitidwa mayere kuti wopanda mapointi ayambepo, ndiponso ngati mpando wobwezedwa umagulitsidwa pa mtengo woyandikira umene mwini wake walandira. Kwa ine funso lomalizali ndi limene limaulula mtima wa kalabu msanga.

Kwathu kuno nkhaniyi siinafike pamenepa, ndipo chifukwa chake n'chodziwika. Tikiti ya sizoni imafuna timu yokhala ndi bwalo lakelake, mipando ya manambala, ndi mndandanda wa magemu wosasinthasintha. Bullets ndi Wanderers akhala akusewerera pa Kamuzu Stadium, bwalo la boma, ndipo ndalama za pageti zimagawidwa kwa matimu, eni bwalo, FAM, SULOM ndi achitetezo gemu ikangotha. Kugulitsa magemu a chaka chonse pa bwalo la eni ake n'kovuta.

Kumene nkhaniyi imatikhudza ndi kwa Amalawi okhala ku Britain ndi amene amasunga ndalama zaka kuti akaone timu yawo kamodzi pa moyo. Iwo ali kumbali yodula ya mzere. Njira yake ndi kugula umembala wa kalabu sizoni isanayambe, kuyang'ana tsiku limene matikiti a gemu yofunikayo atsegulidwe kapena mayere achitike, zimene zimakhala masabata angapo gemu isanafike, ndipo zikakanika, kumayendera msika wa matikiti obwezedwa m'masiku awiri kapena atatu omaliza, pamene a tikiti ya sizoni amadziwa kuti sapita. Gemu ya gulu C ya pakati pa sabata imapezeka mosavuta kuposa derby. Tikiti ya sitima kapena ya ndege isagulidwe tsiku la gemu lisanatsimikizidwe ndi a TV. Madobadoba a pa intaneti ndi oopsa kwambiri masiku ano kuposa kale, chifukwa tikiti zambiri zili pa foni ndipo zimamangidwa ku dzina la munthu. Chithunzi cha tikiti chimene wina watumiza pa WhatsApp sichitsegula geti, ndipo ngakhale chitatsegula, kalabu ikazindikira kuti mpandowo unagulitsidwa mozemba, woonerayo amatulutsidwa mpira uli mkati, ndalama zake osabwerera.